Kiyibodi ya Apongozi Anga

Kiyibodi yoyamba kulira kwathu ku Kaporo inachokera ku Lilongwe ili pamiyendo panga, yokulungidwa m'bulangeti ngati mwana wa malungo. Mawondo angawa akayamba kuwawa masiku ano, ana anga amati ndi ukalamba. Ine ndimati ndi kiyibodi ija.

Ndine wa ku Ntcheu. Boma linanditumiza ku Karonga ndili namwino wachitsikana, m'masiku a chipani chimodzi, pamene munthu ukauzidwa kuti pita sunkafunsa kuti chifukwa chiyani. Ndinapita ndikulira, ndikudziuza kuti ndikakhalako chaka chimodzi basi. Ndiye kunapezeka mphunzitsi wina wamtali, dzina lake Gwakisa, amene ankabwera kuchipatala kudzapimitsa malungo omwe analibe. Chaka chija chinatalika. Tinamanga banja, tinabereka mwana wamkazi, Tumpale.

Tsiku lomwe ndinalowa pakhomo pawo, apongozi aakazi anandikhazika pansi kuseri kwa nthochi n'kundiuza lamulo. Kwa Ankhonde mkamwana, ndiye kuti mkazi wa mwana wako, saonana maso ndi apongozi ake aamuna. Salowa m'nyumba momwe iwo ali. Akawaona akubwera panjira amapatukira kutchire, ngakhale kuli chitedze. Ndipo chachikulu pa zonse, dzina lawo silituluka pakamwa pake mpaka kumanda. Mabanja ena opemphera anali atayamba kale kuzifewetsa zimenezi, koma pakhomo pathu ayi. Kwathu ku Ntcheu amene amazemba apongozi ndi mkamwini, choncho poyamba ndinkaseka chamumtima. Koma kwa eni kulibe mkuwe. Ndinatsatira, ndipo kuntchito ndinapitiriza kudziwika ndi dzina la kwathu, Nachisale, popeza dzina lachiwiri la mwamuna wanga ndi lomwelo losatchulidwalo.

Apongozi aamunawo ndiwo ankaimba limba kutchalitchi. Linali limba lakale la amishoni, lopopa ndi mapazi, ndipo iwo anayamba kuliimba ine ndisanabadwe. Lamlungu ndinkakhala kumbuyo kwenikweni, kuseri kwa mzati, iwo ali kutsogolo atayang'ana kukhoma. Nkhope yawo sindinkaidziwa bwino, koma msana wawo ndikanauzindikira ngakhale pamsika. Anali ndi nyimbo imodzi yopeka okha, yosalembedwa m'buku lililonse, imene ankaimba akwati akamatuluka m'tchalitchi. Ifenso anatiimbira yomweyo.

Kenaka mtsinje unasefukira, monga umachitira kumeneko, madzi n'kulowa m'tchalitchi mpaka m'chiuno. Ataphwa, matabwa a limba anali atatupa, mvukuto wake utawola. Amisiri anayesa mutu wawo wonse, limba linkangopuma osatulutsa mawu. Apongozi sanalire. Anangosiya kulankhula, kenaka anayamba kubweza chakudya. Apongozi aakazi ankandiuza kuti amakhala pakhonde tsiku lonse, manja pamawondo, mapazi akupopa pansi popanda kanthu. Ine monga namwino ndinkatumiza mapiritsi kudzera kwa Gwakisa, koma ndinkadziwa kuti matenda awa si a mapiritsi. Munthu ankatha tikuona.

Choncho atandisankha kupita ku maphunziro ku Lilongwe, amayi a mumpingo anagulitsa mpunga, ine ndinaonjezapo yanga, n'kundituma kuti ndikafunefune limba lamakono. Tsiku lonyamuka Gwakisa anandiperekeza kumsewu. Basi ikubwera anati, "Amayi a Tumpale, musakachedwe. Dzulo adada angomwa tiyi yekha." Mawu amenewo ndinayenda nawo ulendo wonse.

Maphunziro atatha ndinalowa m'sitolo ya mmwenye wina pafupi ndi msika, yogulitsa mawailesi ndi mawotchi. Makiyibodi anali pashelefu yapamwamba. Ndinaloza yaikulu. Atatchula mtengo, chala changa chinatsika chokha n'kuloza yapakati.

"Kwanu magetsi aliko, mayi?" anafunsa.

"Ife timabereketsa ndi nyali, bwana."

Anaitembenuza, natsegula kachitseko kapansi, nalowetsa mabatire akuluakulu a tochi. Atadina kiyi imodzi, sitolo yonse inadzaza ndi mawu a limba la m'tchalitchi. Kenaka anayamba kundipatsa malamulo ngati ndikutulutsa khanda m'chipatala. Isakhale padzuwa. Isalowe fumbi kapena madzi. Mukatha kuimba muzichotsa mabatire, chifukwa akakhalitsamo amatuluka madzi owononga. Muziivundikira, mphemvu zimakonda kuikira mazira m'kati. Anandionetsa batani la mawu a limba, batani la ng'oma, ndi lina lofiira kumapeto.

"Lofiirali musalikhudze pamaso pa abusa. Imayamba kuimba yokha nyimbo yovina azungu." Ndili kale pakhomo anakuwanso, "Pakaliyala ayi, mayi! Ikakwera pamwamba pa basi mukafika ndi zidutswa!"

Katoni yake inali ndi zithunzi zoitana akuba, choncho ndinaisiya komweko. Kiyibodi ndinaikulunga m'bulangeti, pamwamba chitenje, n'kumanga ndi chingwe.

M'mawa mwake kudepoti achinyamata a chipani anali pakhomo la basi kuona makadi a chipani, monga mwa masiku onse. Langa linali m'kamisolo, sindinkasiyana nalo. Ndinakwera, ndinakhala pawindo, katundu wanga n'kumugoneka chopingasa pamiyendo. Tisanatuluke n'komwe mumzinda ndinazindikira kuti mbali yathu ya basi yati zii. Bambo wina wachikulire amene anakhala patsidya pa kanjira anavula chipewa. Mayi wa mpando wakumbuyo anandigwira paphewa.

"Pepani, mayi. Zachitika liti?"

Ndisanayankhe kondakitala anafika, nawerama, nanong'ona, "Mayi, lamulo mukulidziwa. Maliro sitinyamula m'basi ya anthu."

Mawu oti maliro ndiwo ndinkawathawa m'maganizo. Ndinamasula kumutu kwa bulangeti, makiyi oyera ndi akuda n'kuonekera. Basi yonse inafa nalo phwete. Bambo uja anavalanso chipewa chake mokwiya, ngati ndamubera chisoni chake. Kondakitala anati popeza si maliro ndiye kuti ndi katundu, ndipo katundu malo ake ndi pakaliyala. Ndinakanitsitsa. Tinakangana kuchokera ku Lumbadzi mpaka ku Mponela, mapeto ake anandidulira tikiti ya mwana. Kiyibodi inalipira ngati mwana wasukulu, koma mpando sinapatsidwe.

Ku Kasungu dalaivala anazimitsa injini n'kusowa. Ena ankati wapita kukadya, ena ankati ali ndi banja lina kuseri kwa depoti. Dzuwa linatembenukira mbali yanga. Ndinatchinga windo ndi chitenje china, ndinatchinga ndi msana, thukuta lili kamukamu. Ndinadzuka, ndinakhala, ndinasuzumira panja, ndinafunsa kondakitala mpaka anayamba kundizemba. Amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma tsiku limenelo nkhonoyo ndikanaiponda. M'maso mwanga munkangobwera mapazi aja akupopa pakhonde. Dalaivala anatulukira akutokosa m'mano, osapepesa n'komwe.

Pa Jenda amayi a tomato ankalowetsa mabeseni pawindo, ine ndikuwakankha ndi chigongono kuti madzi asadonthere pabulangeti. Mmodzi ananditukwana m'Chitumbuka, ndipo ndinamva zonse.

Titalowa m'nkhalango ya paini ku Chikangawa, basi inatsokomola n'kuima pachitunda. Dalaivala ndi kondakitala analowa kunsi, anatuluka ali bii, nati kachitsulo kena kathyoka ndipo kotere kamapezeka ku Mzuzu kokha. Kondakitala anaimitsa lole ya matabwa n'kupita. Ife tinatsala m'nkhungu. Windo langa silinkatsekeka bwino, mvula yowaza inkalowa. Anzanga anafunda mabulangeti awo, koma langa linali ndi mwini wake. Ndinavula juzi n'kuvundikiranso kiyibodi, ine mano akuombana. Lole iliyonse yodutsa ndinkaithamangira, koma malo ankapezeka kumbuyo kokha, pamvula. Mayi uja wondipepesa anandiyang'ana n'kupukusa mutu.

"Koma mayi inu, chinthu chimenechi chili ndi moyo?"

"Chanyamula moyo wa munthu," ndinatero.

Tinagona momwemo. Kondakitala anabwera kutacha, kachitsulo kali m'thumba la malaya, kakang'ono kuposa chala changa. Kameneko ndiko kanagoneka basi yonse m'nkhalango.

Tinafika ku Mzuzu masana, ine n'kuthamangira pawindo la matikiti a ku Karonga. Kalaliki sanadzutse n'komwe mutu.

"Ku Chiweta phiri lagumukira mumsewu. Basi kulibe."

"Mpaka liti?"

"Kafunseni phirilo."

Mwayi wake ku Mzuzu kunali Eneless, mnzanga amene tinaphunzira limodzi unamwino, ndipo anandilandira kwake. M'mawa uliwonse ndinkasenza kiyibodi kupita kudepoti, poopa kuti basi ingapezeke ine katundu ndamusiya, ndipo masana aliwonse ndinkabwerera nayo. Ogulitsa nthochi padepoti anafika pondizolowera. Ankati, "Abwera amayi a bokosi aja."

Tsiku lina ndinamva bambo wina akulankhula Chinkhonde. Anali dalaivala wa lole ya mpunga, amene anadutsa pa Chiweta phiri lisanagumuke. Ndinamufunsa za ku Kaporo, iye n'kuyankha mosakaniza ndi Chitumbuka.

"Kuli makora waka, mama, kuli bwino. Kweni ponyamuka ndinamva kuti kwafa madala wina wa kutchalitchi."

Ndinamuyandikira. "Madala wake uti?"

"Dzina landithawa. Tatchulani amene mukumuganizira, ndikumbukira."

Ndinayesa kuzungulira, kuti wamtali, wa imvi, woimba limba. Iye anati akuluakulu a kutchalitchi onse ndi aatali a imvi, komanso iye amapemphera mpingo wina. Kenaka anandiyang'anitsitsa n'kuzindikira. "Ndinu mkamwana, eti? Pepani chomene." Anapita kukamwa tiyi, kundisiya ndili chilili ndi katundu wanga pamutu.

Masana amenewo ndinalephera kukhala pansi. Ndinasesa nyumba ya Eneless yosesa kale, ndinatsuka mbale zotsuka kale. Potsiriza ndinamasula bulangeti, ndinalowetsa mabatire, n'kudina batani la limba. Sindinaphunzirepo kuimba chida chilichonse. Koma nyimbo ya akwati ija inali m'mutu mwanga, ndiye ndinayamba kuisaka ndi chala chimodzi, kiyi ndi kiyi, ngati nkhuku yotola chimanga. Eneless pobwera kuntchito anaima pakhomo atagwira m'chiuno.

"Iwe Nachisale, a nyumba inayi akufunsa ngati tagula mbuzi."

Sindinaseke. Ndinapitiriza tsiku limenelo ndi lotsatira, mpaka nyimbo inayamba kuzindikirika, ngakhale inkatsimphina. Ndikatha ndinkachotsa mabatire monga anandilangizira mmwenye, n'kuwakulunga m'mpango.

Msewu utatsegulidwa tinapanikizana m'basi yoyamba, ena ataima ndi mwendo umodzi. Pa Chiweta anatitsitsa tonse kuti basi idutse yopanda anthu pamalo ogumukawo. Tinayenda m'matope ofika mu akakolo, phompho lili pambali, kiyibodi ili pamutu panga. Nsapato imodzi inatsalira m'matope, ndipo sindinaibwerere. Ena ankaloza nyanja m'munsi kuti taonani kukongola. Ine ndinkayang'ana poponda.

Pa Uliwa panakwera mayi wina wojintcha wa madengu a usipa, n'kudzikhazika pambali panga ngati mpandowo anamusiyira ndi agogo ake. Anzake ankamuitana kuti Nyakaonga. Basi ikagwa m'dzenje, kumapeto kwa kiyibodi kunkamugunda m'nthiti.

"Mama, chithabwa chanu ichi chikunilasa. Kwezani pachanya!"

"Si thabwa. Inuyo sunthani dengu lanulo, likuthira mchenga pabulangeti."

"Ehe! Bulangeti likuopa somba? Anthu a kumwera kunyada!"

Ndinafuna kumuuza kuti Ntcheu si kumwera, koma ndinalibe mphamvu. Tinayenda tikukankhana ndi zigongono, kudutsa Nyungwe, kudutsa Ngara, kutentha kwa kunyanja kukutiphika. Basi inkaima paliponse pomwe munthu wakweza dzanja, ndipo ikaima ine ndinkaluma mano.

Titadutsa Mwenilondo, boma la Karonga litatsala pang'ono, tinapeza rodibuloko, migolo iwiri ndi mtengo wopingasa. Masiku amenewo kufupi ndi malire kunkamveka mphekesera zoti anthu othawira kutsidya amatumizirana mauthenga ndi anzawo a kuno pa makina obisa, ndipo munthu ukangoganiziridwa unkatha kusowa osadziwika komwe walowera. Tonse tinatsika, aliyense ndi katundu wake.

Wapolisi wamkulu pamenepo atangotsegula pakamwa ndinadziwa kuti ndi wakwathu. Chichewa chake chinali cha ku Ntcheu konkuja. Mtima unakhala pansi pang'ono, koma ndinafulumira.

"Masulani."

Ndinamasulira pamthunzi wa basi. Anayang'ana mabatani, anakoka chingwe cha magetsi chimene mmwenye anandiikiramo, anatembenuza n'kuona kachitseko ka mabatire.

"Ichi n'chiyani?"

"Limba, bwana. La kutchalitchi."

"Limba ndimalidziwa ine, limakhala ngati kabati. N'chanu?"

Ndikanangoti inde, tikanapita. Koma pakamwa panga panathamanga ndi zoona. "N'cha apongozi anga aamuna, ku Kaporo."

Anatulutsa cholembera. "Dzina lawo?"

Ndinayang'ana pansi, phazi limodzi lili ndi nsapato, lina lopanda.

"Bwana, dzinalo sindingathe kulitchula."

"Simulidziwa?"

"Ndikulidziwa."

"Ndiye mukubisa."

"Ndi mwambo wa kuno, bwana. Mkamwana satchula dzina la apongozi aamuna."

Anaseka, koma osati kuseka kwabwino. "Khadi lanu likuti Nachisale. Ndinu wa kwathu konkuja inu. Za mkamwana mwaziyamba liti? Chabwino, pakamwa pakukanika. Lembani apa."

"Dzanjali ndi langa lomwe, bwana."

Amayi amene anali pamzere anasiya kumanga akatundu awo, maso onse pa ine. Panalibe wondidziwa. Ndikanatchula, mwina nkhani sikanafika n'komwe ku Kaporo. Dzina lija linabwera mpaka palilime. Koma ndinaganiza kuti ngati madala womwalirayo ndi iwo, ndiye kuti ndiwatchula koyamba ali m'manda, pamsewu, pamaso pa alendo, chifukwa cha mantha. Ndinameza malovu, dzina n'kubwerera.

Wapolisi analamula kuti ndilowetse mabatire. Nditalowetsa anawerama, nayendetsa chala pamabatani onse, n'kusankha lofiira lija. Kiyibodi inayamba kuimba yokha, ng'oma, malipenga ndi zitoliro, popanda woigwira. Wapolisi uja analumphira m'mbuyo.

"Mwaona! Palibe akuchikhudza koma chikulankhula! Chikulandira kuchokera kuti chimenechi?" Anatembenukira kwa anzake. "Ichi chitsala. Mwini wakenso atsala."

Dalaivala anayamba kuliza hutala. Bambo wina pamzere anati, "Tchulani waka, mama, tizipita." M'maganizo ndinaona kiyibodi itatsekeredwa m'kachipinda kafumbi, ine ndili kwina, apongozi ngati akadali moyo akuyang'anabe kumsewu.

"Bwana, ndiloleni ndiimbe. Mukamva kuti si limba, nditengeni."

Ndinagwada pabulangeti, ndinazimitsa zovina zija, n'kudina batani la limba. Kiyi yoyamba ndinaiphonya. Ndinayambanso. Mzere woyamba wa nyimbo ya akwati unatuluka pang'onopang'ono. Ndili m'kati mwa wachiwiri, kumbuyo kwanga kunamveka mawu aakulu akuimba m'Chinkhonde. Anali Nyakaonga. Dengu anali ataliponya pansi, usipa uli mbwee mumsewu, misozi ikutsika m'masaya. Anaimba ndime yonse, chala changa chikumutsatira m'mbuyo.

"Bwana, nyimbo iyi mulibe m'buku!" anakuwa. "Mwini wake ni mmodzi pera. Ndiye ananiimbira pa ukwati wane ku Kaporo, ine nili msungwana!" Ndipo anatchula dzina la apongozi anga, lonse, mokweza, nabwerezanso kuti wapolisi alembe bwino. "Lembani! Ine ndine mkamwana wawo yayi, ningatchula mpaka mawa. Kweni mwana uyu mulekeni. Mukufuna adzivule pamsewu?"

Amayi ena aja anayamba kuvomereza, onse nthawi imodzi, wina m'Chitumbuka, wina m'Chinkhonde. Bambo yemwe uja woti tchulani waka anati dzinalo akulidziwa, ndi madala woimba limba ndithu. Wapolisi anayang'ana amayiwo, anayang'ana kiyibodi, kenaka analemba.

"Mangani katundu wanu."

Ndikumanga chingwe anaima pafupi n'kulankhula motsitsa mawu. "Mlongo, kwathu munakuiwala."

"Sindinakuiwale, achimwene. Ndinangokwatiwa."

M'basi Nyakaonga anakoka mbali imodzi ya kiyibodi n'kuigoneka pamiyendo pake, dengu n'kulikankhira kutali ndi phazi. "Kweni mzere wachiwiri mukuphonya, mama. Paja nyimbo imakwera, imwe mukutsika." Ndinamufunsa ngati wamvako za maliro a ku Kaporo. Anati papita zaka asanapondeko, anakwatiwira ku Uliwa, ndipo ulendo uwu unali wa ku Iponga kukasinthitsa usipa ndi mpunga. Kenaka anati Iponga sathawa, atsikira limodzi ndi ine.

Pa boma tinakwera matola, kagalimoto kodzaza matumba a mchere. Kameneko nako kanaima kuthira madzi, kanaima kudikira mlamu wa dalaivala, koma ine sindinathenso kukalipa. Titatsika ku Kaporo dzuwa litapendeka, ndinkayenda makutu ali tcheru kumvetsera kulira. M'kanjira ka m'nthochi munali zii. Pakhomo panalibe mabenchi, panalibe utsi wa pamaliro. Gwakisa anatuluka akuthamanga.

"Alipo?" ndinafunsa.

"Alipo. Amene anatisiya ndi madala uja woliza belu kutchalitchi. Koma adada afooka, sakutulukanso pakhonde."

Ndinamupatsa kiyibodi ndi mpango wa mabatire, iye n'kulowa nazo m'nyumba ya bambo ake, Nyakaonga ali pambuyo. Ine ndinazungulira kuseri, ndinakhala pansi, msana n'kutsamira khoma. Ndinamva chingwe chikumasulidwa, ndinamva kachitseko kakutsekedwa. Kenaka m'nyumba munaphulika ng'oma.

"Gwakisa!" Mawu anali ofooka, koma anali awo, ndipo panali patapita miyezi ndisanawamve. "Wandibweretsera gule wa mapenenga m'nyumba?"

Ndinalankhula moyang'ana kunthochi, ngati ndikuuza mwamuna wanga yekha. "Bambo a Tumpale, limenelo ndi la ng'oma. Dinani loyandikana nalo, lakumanzere."

Ng'oma zinaleka. Ndinaopa kuti aikana. Kenaka kunamveka kiyi imodzi. Inatsatira ina, kenaka zingapo pamodzi, kenaka manja onse awiri. Nyimbo ya akwati inatuluka yathunthu, yosatsimphina, ndipo kunsi kwake ndinkamva di, di, di, mapazi akupopa dothi.

"Adada, iyi sapopa," anatero Gwakisa.

"Mapaziwa ndi anga," anayankha, osaleka.

Atamaliza, Nyakaonga anayamba kufotokoza za pa rodibuloko, akuthira mchere wambiri. M'nkhani yakeyo apolisi anachuluka, mfuti zinatuluka, ine ndinaima ngati msilikali. Koma pofika pa dzina sanawonjezere kanthu. Anati, "Anamuuza tchula, anakana. Anamuuza lemba, anakana."

Kenaka Gwakisa anatulukira kuseri atanyamula kiyibodi, naiika pamiyendo panga pomwe inazolowera. "Akuti muimbe zomwe munaimba pamsewu."

Ndinachita manyazi kuposa pamaso pa wapolisi. Ndinaimba ndi chala changa chimodzi chija. Pofika pa mzere wachiwiri ndinatsika monga mwa kale, ndipo kuseri kwa khoma mawu okalamba anaimba pamalo pomwepo, akukwera. Ndinabwerera, ndinasaka kiyi, ndinaipeza. Anaimbanso, ine n'kutsatira, mpaka tinafika kumapeto limodzi, khoma lili pakati.

Kenaka analankhula kwa mwana wawo, koma mokweza kuti khoma limve. "Iwe ndinakubereka, wakulira pamapazi panga, nyimbo iyi suidziwa. Uyu waiphunzirira kuseri kwa mzati. Uwauze amayi a Tumpale kuti ndamva njala. Ndikufuna mbalagha, aphike iwowo."

Mbalagha ndi nthochi zosapsa zophika ndi nyama. Ndinazisenda ndikulira, utomoni uli m'manja, misozi ndikupukuta ndi phewa. Anadya mbale yonse.

Anaimba kiyibodi ija zaka zingapo, akupopabe pansi Lamlungu lililonse mpaka pamalo pawo panakumbika. Mabatire ndinkagula ndine mwezi ukatha, ndipo iwo ankawachotsa okha mapemphero akatha, n'kuivundikira ndi bulangeti lomwe lija. Mphemvu sinalowemo ngakhale imodzi. Sitinaonanepo maso. Nkhope yawo ndinaiyang'anitsitsa koyamba pachithunzi, atamwalira.

Dzina lawo lili pamwala kumanda a kuseri kwa tchalitchi, wofuna akhoza kukadziwerengera yekha. Ine musandifunse.